Solomoni Atabwerako ku Ulaya

Chaka chimene mzungu wa fodya uja, amene anthu ankamutcha Bwana Chipewa, anaganiza zokaona kwawo, anasankha Solomoni Mbewe kuti azikamunyamulira mabokosi ndi kumuchapira malaya. Solomoni anali mnyamata wa kufupi ndi Vubwi, wa mtima wabwino ndithu, koma wokonda kutamidwa ngati mwana. Atamva za ulendowo anazungulira mudzi wonse chifuwa chili patsogolo, osakumbukanso kuti ndi mkamwini wa dzulodzulo, ndi kuti mkazi wake Lucia ali ndi pakati.

Mlamu wake Simoni, mlongo wa Lucia, anamuperekeza mpaka pa mtsinje.

"Alamu, mwasiya munthu ali ndi pakati," anatero Simoni. "Mwambo mukuudziwa. Mukadzisunge kumeneko, mungatidulire mlongo wathu."

Solomoni anaseka. "Ndikadzisunge kwa yani? Kumeneko kuli akazi a azungu okhaokha. Angandiyang'ane ine amenewo?"

Mwambowo aliyense ankaudziwa. Mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene wake ali woyembekezera, tsoka limagwera wosalakwa. Mwana amakana kutuluka, ndipo akabadwa, bambo woteroyo n'kumugwira asanalandire mankhwala, khandalo limatupa mpaka kutsirizika. Solomoni sanatsutse chilichonse. Anangomva ngati akuuza munthu wina.

Anayenda pansi mpaka ku Tete, pa sitima ya mumtsinje mpaka ku Chinde, kenaka pa chisitima cha panyanja chimene chinamusanzitsa mpaka maso kulowa. Mzinda woyamba kuupondamo mutu uli bwino unali Lisiboni. Chipwitikizi chake chotola kwa amalonda a ku Tete chinamugulira nsomba zootcha, ndipo anadzimva kukhala munthu. Kumeneko ndiko anaona koyamba mzungu wopanda nsapato, mayi atasenza dengu la nsomba pamutu ngati akupita kumtondo. Anaima pakati pa msewu kukamwa kuli yasa, mpaka ngolo ya panjanji inachita kumuimbira belu. Mzungu wina, wa ndevu zake ndithu, anagwada pamaso pake kuti amupukutire nsapato. Solomoni analiyatsa liwiro poganiza kuti ndi msampha.

Koma Londoni ndiye anamutha mphamvu. Dzuwa la kumeneko linkatuluka mochedwa, lofooka, n'kulowanso munthu asanaliothe. Utsi wa malasha unkadetsa kolala ya bwana tsiku lomwelo imene yachapidwa. Anthu anali ngati linthumbu, koma wopereka moni panalibe. Masiku oyamba Solomoni ankavula chipewa kwa aliyense wokumana naye pakhomo, mpaka dzanja linatopa lokha. Anakwera sitima ya pansi pa nthaka, kulowa kuno ngati mfuko n'kukatulukira kwina, osadziwanso kumene kuli kum'mawa. Pabwalo lina anapeza nkhunda zonenepa zikungoyendayenda m'miyendo mwa anthu, popanda mwana ndi mmodzi yemwe wozitchera msampha, ndipo zimenezi zinamupweteka mtima kuposa kuzizira. Anaona galu atavala malaya, mwana wa munthu ali chapafupi mapazi ali pamtunda. Ana ankamulondola mumsewu. Kamtsikana kena kananyowetsa chala ndi malovu n'kumupukuta padzanja kuti kaone ngati kudako kuchoka.

Ankakhala kwa mlongo wake wa bwana, m'kachipinda ka pansi pafupi ndi khitchini. Ntchito inali kukwera ndi madzi otentha, kutsika ndi nsapato, kusita, ndi kudikira panja pa maofesi bwana akukamba za fodya, iye mano akugundana. M'nyumba monsemo ankangomuitana kuti boyi. Mmodzi yekha ndiye anamufunsa dzina, n'kumalitchula bwinobwino: Ethel, mtsikana wotsuka mapoto.

Ethel anali ndi manja ofiira, ong'aluka ndi madzi ozizira. Nayenso anali wakumudzi, kwawo kutali, ndipo amayi ake anali asanawaone chiyambire ntchito. Anaphunzitsa Solomoni kukoleza malasha amiyala, namupatsa masokosi akale a mchimwene wake. Tsiku lina Solomoni anapeza chimanga m'sitolo yogulitsa zakudya za akavalo ndi nkhunda. Anatsala pang'ono kulira. Anachikazinga pa fosholo ya malasha, Ethel n'kulawako, dzino kutsala pang'ono kuthyoka. Anaseka mpaka misozi, Solomoni naye n'kuseka, kuseka kwenikweni koyamba chichokere kwawo.

Zinachitika Lamulungu lina masana, a m'nyumba onse atapita kukacheza. Palibe chifukwa chozikometsera. Sanaledzere, sanakakamizidwe. Anali anthu awiri ozizidwa ndi osungulumwa, basi. Ndipo sizinathere tsiku limodzilo.

Kuyambira pamenepo mzinda unasintha. Ndi misewu yomwe ija, nkhunda zomwe zija, koma tsopano kulikonse kumene wayang'ana kunali makanda. Amayi ankawakankha m'tingolo, masaya ali phwii m'mabulangeti, ndipo Solomoni ankatembenuzira nkhope kukhoma. Ankawerenga miyezi pa zala akusita. Ankadzilimbitsa yekha: kodi mdulo ungaoloke madzi onse aja? Ungaidziwe bwanji njira ya ku Vubwi, pamene iye mwini sangailoze? Ankakumbukanso mphunzitsi wa ku mishoni, amene ankati zonsezo ndi zachikunja. Koma buku la mphunzitsi yemweyo linali ndi lamulo lake pa nkhani yomweyo. Kulikonse kumene wathawira ankapezako womudikira.

Ndiye anayamba kugula zinthu. Nsalu ya maluwa ya Lucia, kalilole, mikanda, bulangeti la mwana, kenaka nsalu inanso. Bokosi linkadzaza, mtima osapepuka.

Ulendo wobwerera utayandikira anamuuza Ethel kuti kwawo anasiya mkazi ali ndi pakati. Ethel anangopitiriza kukwecha poto. Tsiku lonyamuka anamufumbatitsa timasokosi tiwiri ta mwana toluka yekha, n'kubwerera kumapoto ake osacheuka. Solomoni anatisunga m'thumba mpaka pakati pa nyanja, ndipo kumeneko anatiponya m'madzi, pakuti chinthu chochokera m'manja amenewo sichikanakhudza mwana wake. Anadziwa kuti walakwiranso munthu wina amene anangomuchitira zabwino.

Kuchokera ku Tete anayenda ndi amtengatenga, bokosi lake lili pamutu pa mmodzi wa iwo, iye ali mu jekete ndi nsapato ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Mbiri inafika kumudzi iye asanafike. Pa mtsinje anapeza Simoni atakhala pamwala, nkhope ili yakugwa.

"Mwayenda bwanji, alamu?"

"Ndayenda bwino. Kumudzi kuli bwanji? Nenani msanga."

"Mwana alipo, wamwamuna. Mayi wake aliponso." Simoni anayang'ana pansi. "Koma kunali nkhondo, alamu. Mwana anakana kutuluka. Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso, munthu ali pamphasa. Azamba anati pali amene wadula mwanayu. Inu sakanakuganizirani, munali kwa azungu. Ndiye anamupanikiza Luciayo kuti atchule mwamuna amene anayenda naye."

Solomoni anamuyandikira. "Ndiye anati chiyani?"

"Anakana, anakana, mpaka mawu kutha. Mphamvu zitamuthera ndiye anavomera. Anati anali wamtengatenga wina wopita ku Tete, dzina salidziwa. Patapita kanthawi mwana anabadwa." Simoni anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati akupepesa kwa mkulu. "Tachita manyazi, alamu. Mbuzi tamangirira kale. Tikupempha musamusiye. Ndi mwana, analakwa. Inu mwaona dziko, mukhale ndi mtima waukulu."

Apa tisabise. Chimene chinayamba kulowa mumtima mwa Solomoni chinali chimwemwe. Katundu amene anamulemera kuchokera ku Londoni anapeza mutu wina woti atulirepo. Ngati Lucia anavomera ndi pakamwa pake, ndiye kuti mdulo sunaoloke nyanja. Akanalowa m'mudzi ngati munthu wolakwiridwa, n'kulandira mbuzi, n'kukhululuka pamaso pa onse, anthu n'kumamutama mpaka ukalamba. Anayenda nayo nkhani imeneyi mtunda ndithu, ikumukomera.

Koma kenaka anaima. "Wamtengatengayo alipo anamuona?" anafunsa.

"Palibe. Chaka chimenecho amtengatenga sanadzere n'komwe kwathu kuno, ankadzera njira ya kumtunda. Ifenso zinatidabwitsa."

Solomoni anayambanso kuyenda. Ankamudziwa Lucia, mkazi amene ankachita manyazi ngakhale kudya pamaso pa mwamuna wake.

Analowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Nthungululu zinamveka, ana anathamangira bokosi, amuna anabwera kudzagwira jekete kuti amve nsalu yake. Anamuyalira mphasa pabwalo. Mafunso anagwa ngati matalala. Kodi ndi zoona kuti kumeneko nyumba zimasanjikizana? Nanga amalima kuti? Solomoni anakamba za sitima ya pansi pa nthaka, za mzungu wopukuta nsapato, za galu wovala malaya, anthu n'kumagwa nazo ndi phwete. Pakamwa pankalankhula pokha. Maso ake anali pa khonde la nyumba yake.

Lucia anali atagwada pamenepo yekha, mutu uli pansi. Anali ataonda, mafupa a m'khosi ali poyera. Akazi anzake anakhala mbali ina, ndipo pakati pa iwo ndi iye panali malo oti n'kudutsa ngolo. Mbuzi ija inali pamtengo chapafupi, ikudya makoko.

Kenaka azamba, mayi wachikulire amene anabereketsa Lucia, anadzuka, natenga mwana pamiyendo pa mayi wake popanda ndi liwu lomwe, n'kubwera naye pamphasa. Phokoso linatha.

"Landirani mwana wanu, bambo," anatero azamba. "Wavutika mwanayu, koma osati chifukwa cha inu. Inu manja anu alibe kanthu. Munyamuleni, akudziweni."

Kanali kamwana kakang'ono, ka maso aakulu, mphuno ya Solomoni yeniyeni. Kanaona batani lowala la jekete n'kutambasula dzanja. Solomoni anakafuna kamwanako ndi thupi lake lonse. Kungotambasula manja, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe pansi pano akanadziwa. Koma m'maganizo anaona timiyendo timeneto titatupa, anaona kamanda kakang'ono kumsitu, ndipo mantha anamugwira. Atazindikira, manja ake anali kumbuyo, limodzi litagwira linzake zolimba.

"Landirani, bambo," anabwereza azamba. "Kapena mwakwiya?"

"Sindingamugwire, amayi."

Simoni anadzuka. "Alamu, tapepesa kale. Mwanayu alibe mlandu."

"Sindikukana mwana." Mawu anatuluka aang'ono, osayenera jekete lija. "Yambani mwandifunira mankhwala. Amene anadula mwanayu ndine. Kunali mkazi ku Londoni."

 Mwamuna wina amene anali akugwirabe mkono wa jekete anausiya pang'onopang'ono. Azamba anamubweza mwana pachifuwa pawo ngati pali moto. Solomoni anadikira kuti wina amutukwane, kapena Simoni amumenye, ndipo akanathokoza. Palibe anatero.

Lucia ndiye anadzutsa mutu. Sanalire. Anaimirira, nadutsa pakati pa anthu, natenga mwana wake m'manja mwa azamba. Anayamba walankhula ndi akazi anzake aja, mmodzimmodzi akuwayang'ana m'maso.

"Wamtengatenga uja kulibe. Ndinamupeka ndekha kuti mundisiye ndibereke."

 Ena anayang'ana kumbali, wina anakonza mpango umene unali bwinobwino. Lucia anaika mwana kumsana, namanga nsalu yake yakale yong'ambika ija, kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake. Analankhula motsitsa, mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo ndiwo unapweteka.

"Miyezi yonseyi ndatunga madzi ndekha, aMbewe. Ndikafika pachitsime anzanga amasiya kuseka. Ndinkadzitonthoza kuti aMbewe akadzabwera, iwo okha adzadziwa kuti ndi bodza." Anakoka mfundo ya nsalu, naimangitsa. "Sindinkadziwa kuti mudzadziwa chotere."

Anazungulira kuseri kwa nyumba, mwana akusuzumira pa phewa lake.