Ndevu za Toryalai

Amene anametetsa mwana wanga ndevu ndi Kaputeni Jamshed, ndipo dzinalo ndikulitchula dala. Analamula asilikali onse atsopano kuti amete, azungu owaphunzitsa nkhondo ku Kabul akawombe m'manja pa perete. Manja atawombedwa, anawapatsa tchuthi: kazipitani kwanu. Kwathu ndi ku Wardak. Pamsewu umenewo Atalibani amaimitsa galimoto, ndipo mnyamata wopanda ndevu samufunsa zambiri. Bambo ake a mwana wangayu anawatsitsa m'galimoto pomwepo chifukwa cha zipsera za jombo za usilikali kumapazi. Mtembo ndinakatola ndekha.

Ndiye sindinadikire. Ndinapinda chadari yachiwiri, nsalu yathu yophimba mkazi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukwera basi.

Mwana wanga Toryalai ndinamupeza pageti la kampu, chibwano chili see ngati dzira.

"Vala," ndinatero.

"Amayi, ine ndine msilikali. Andiphunzitsa kuwombera."

"Mfutiyo ili kuti?"

"Salola kupita nayo kumudzi."

"Ndiye vala. Bambo akonso anali mwamuna."

"Anzanga akamva azinditcha mkwatibwi."

"Azikutcha. Mkwatibwi amadya, mtembo sudya."

Anavalira kuseri kwa malo ogulitsira tiyi. Nsaluyo inamulekeza m'miyendo, zidendene zili panja pa masilipasi anga.

"Werama, iwe. Unaona kuti mkazi wamtali ngati mzati wa magetsi?"

M'basi tinakhala kumbuyo, kwa azimayi. Titadutsa Maidan Shahr basi inaima. Mnyamata wa mfuti anayang'ana zibwano za amuna mmodzimmodzi, kenaka anafika kwa ife.

"Amayi, ameneyo ndani?"

"Mpongozi wanga. Ndi woyembekezera, wasanza njira yonse. Ukufuna uone nkhope ya mkazi wa mwini?"

Anachita manyazi, anagwetsa maso pansi monga anamulelera amayi ake. Koma pansipo ndiye panali mapazi aja, a zipsera ngati za bambo ake. Ndinakankha thumba langa ndi bondo, linagwera pomwepo, anyezi ali mbwee.

"Waona, wandinjenjemeretsa. Tola!"

Anatola awiri n'kundipatsa. "Pepani, amayi. Mulungu amupatse mwana wamwamuna."

"Akumve," ndinatero.

Titafika kunyumba Toryalai anavula nsalu ija. Patsogolo inali itanyowa, ataiboola ndi mano. Anadya buledi wanga yense, anamwa tiyi, n'kugona masana dzuwa likuswa mtengo, kukamwa kuli yasa ngati khanda. Ine ndinangokhala pambali pake ndikumvetsera mkonono. Nyimbo yokoma chonchija sindinaimvepo.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimamugwira chibwano. Ndevu zayamba kubaya. Iye amaseka, amati tchuthi chikatha abwerera chifukwa analumbira. Chadari ndaisoka pamene anaiboola, ili pamsomali pafupi ndi khomo.

Inu odziwa kuwerenga, ndiyankheni: akakamumetanso, Kaputeni Jamshed adzabwera naye yekha, kapena ndiichotse pamsomalipo?