Dzino la Bambo la Pulasitiki

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo, anali atayasamula pakati pa malo odyera nyama yowotcha mumzinda wa Daegu, chala chili m'kamwa.

"Suzumira, Gi-tae. Mkati umu. Ukuliona?"

"Bambo, anthu akudya."

"Akudya chifukwa ali ndi mano. Suzumira!"

Ndinasuzumira. Dzino lawo lotafunira linali lakuda, litatsala chibenthu. Dokotala ankafuna kulizula n'kuikapo lachitsulo, koma bambo anakanitsitsa.

"Thupi ili anandipatsa ndi agogo ako. Ndikawapeze ndili ndi msomali m'kamwa ngati chitseko?"

Ndiye anagwirizana zina. Kuseri kwenikweni kwa chibwano anali ndi dzino lija lomera mochedwa, longokhala osagwira ntchito. Dokotala anati azula limenelo n'kulibzala pamalo a lowolalo. Anali atalijambula kale, ndipo makina ankaumba lofanana nalo la pulasitiki.

"Lenilenilo silifuna kukhalitsa pamphepo, limafa," anatero bambo akutembenuza matumbo a nkhumba pamakala. "Ndiye amayamba ayesera labodzalo padzenjepo, kulowetsa, kutulutsa, mpaka malo akwane. Ngati mmene ndimaimikira takisi yanga."

"Inu mumayamba mwagunda kaye."

"Tseka pakamwa. Makina amenewa si omwe unkaphunzira ku koleji usanathawe? Ukanamaliza, bwenzi dzino langa ukuumba ndiwe. Pano ntchito yako ndi yondithera nyama."

Ankanena izi akundiunjikira m'mbale matumbo onse amene iwo sakanatha kutafuna.

Anamwalira Lachisanu lotsatira m'mawa, ali mu takisi yawo pamalo odikirira anthu. Mtima unangoima. Munthu wina analowa kumbuyo, anatchula komwe ankapita, anadikira, kenako anatuluka n'kukadandaula kwa madalaivala ena kuti mnzawoyu ndi wamwano.

Tinawotcha mtembo. Phulusa lawo lili mu mtsuko, m'kabokosi kagalasi ku nyumba yosungirako phulusa, pamzere wapansi poti ukafuna kuwapatsa moni uzigwada. M'mabokosi oyandikana nawo anthu anaikamo mawotchi, timagalasi ta maso, tizidole ta zidzukulu. Amayi anaikamo chithunzi cha pa laisensi, chomwe bambo akuoneka ngati apolisi akuwafunafuna. Ine ndinali nditaliona phulusalo asanatseke mtsuko. Linali ngati la munthu wina aliyense. Panalibe chilichonse chooneka ngati iwo.

Tsiku lina foni ya bambo inalira pathebulo. Amayi anaiyankha, anamvetsera, n'kunditambasulira.

"Akuti dzino la bambo ako lafika. Uwauze kuti mwini wake anachoka."

Sindinawauze pafoni. Ndinakwera basi yopita ku chipatala cha manocho. Njira yonse ndinkaganiza chinthu chimodzi: dzino limenelo analiumba motsatira bambo ndendende, muzu ndi muzu, ndipo malo ake ndi m'kabokosi kagalasi kaja.

Polandirira odwala panali mayi wina wa tsitsi lalifupi, pachifuwa pake patalembedwa kuti Ryu. Nditafotokoza anaimirira, anaweramitsa mutu mwaulemu, n'kukhalanso pansi.

"Pepani kwambiri. Koma dzinolo timagwiritsa ntchito pa wodwala yekha."

"Wodwala ali mu mtsuko, mayi."

"Wodwala akapanda kubwera timalitaya pamodzi ndi zinyalala zachipatala."

"Ndiye ndipatseni zinyalalazo."

"Zinyalala sitipereka kwa anthu. Zimanyamulidwa ndi galimoto yake."

"Galimotoyo imabwera liti? Ndiidikira panja."

Phokoso lathu linatulutsa dokotala, Mayi Pyo, munthu wamfupi amene bambo ankamuopa kuposa apolisi apamsewu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe mwana wa a O Man-sik? Mphuno ndi yomweyo. Lowa."

M'chipindamo anatsegula kabati n'kutulutsa kathumba. Dzinolo linali lotuwa, lonenepa, mizu yake itapotana, umodzi utapindika ngati mbedza.

"Chiyambireni ntchitoyi sindinaonepo dzino loipa chonchi," anatero. "Bambo ako ataliona pakompyuta anati likufanana ndi mlamu wawo."

Ndinafuna kuseka. M'malo mwake ndinalira, kulira kwenikweni kwa pamaliro komwe kunandikana pa tsiku lake, kukamwa kuli yasa. Mayi Pyo sanandisisite pamsana. Anangowerama pang'ono, maso ali m'kamwa mwanga.

"Taima. Tayasamulanso."

"Adokotala, ndikulira."

"Lira, koma usatseke. Mayi Ryu, nyali!"

Anagogoda dzino langa lakumanja ndi kachitsulo. Ndinadumpha mpaka kabati inagwedezeka.

"Lomwelonso. Mbali yomweyonso. Bambo ako anandiuza kuti ali ndi mwana amene amatafunira mbali imodzi ngati mbuzi, ndipo akangomva fungo la chipatala cha mano amawoloka msewu."

"Ananena zimenezo?"

"Anati ndikadzakugwira ndisadzakutaye. Lakuseri uli nalo, ndaliona. Tilijambula, tiumba lako, tibzala."

Anabweza kathumba kaja m'kabati, anakhoma, kiyi n'kuika m'thumba la malaya ake oyera.

"Ili udzatenga tsiku limene udzadzuke pampando uwu, dzino litabzalidwa."

"Kumeneku ndi kulanda, adokotala."

"Ndi zinyalala zachipatala. Zinyalala za muno mwini wake ndine."

"Ndine mwana wamasiye."

"Wa ndevu. Wotsatira alowe!"

Ndinatuluka mokwiya. Ndinavula masilipasi amene amavalitsa aliyense polowa m'chipatalamo, ndinavala nsapato zanga, ndinamanga zingwe zonse bwinobwino. M'chipinda china kachitsulo koboolera mano kanayamba kulira. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, chinadikira, chinatsekeka. Chinatsegukanso. Ndinali nditangoima pamenepo ngati munthu uja wa pampando wakumbuyo m'takisi, kudikira kuti bambo alankhule.

Ndinamasula zingwe, ndinavalanso masilipasi.

"Pa ana a anthu akufa amabaya jakisoni wamphamvu?" ndinafunsa.

"Wofanana ndi wa aliyense," anatero Mayi Ryu, maso ali pakompyuta. "Mudzadye musanabwere. Mukatha simudzatafuna."

"Liti?"

"Lachiwiri, pa 14 Novembala."