Pulogalamu Yopanda Mlandu

Chitseko chamalata chinagogodedwanso, ulendo uno ndi mwala.

"Iwe Zebedee, vhura! Tsegula madzi!"

Zebedee anali m'kachipinda ka pampu, foni ili kukhutu, thukuta likutsika m'khosi. Panja mzere wa zigubu unali utafika kumsewu. Dera lonse la Mabvuku linkadalira chitsime chimenechi, chifukwa mipopi ya m'nyumba inauma kalekale. Munthu ankagunditsa khadi, kakompyuta n'kutsegula mpopi. Koma lero kuyambira m'mawa kakompyutako kankangoganiza, osatsegula kanthu. Ndipo anthu anali atayamba kunong'onezana kuti Zebedee amagulitsa madzi kwa eni malole. Amene ankagwira ntchito yoyang'anira chitsimechi iye asanabwere anachoka alibe mano awiri chifukwa cha mphekesera yomweyo.

Conceição, mayi amene anaika makinawo, anayankha foniyo ali mu kombi, minibasi ija, ku Warren Park.

"Achemwali, ndafa ine," anatero Zebedee. "Andiphera muno."

"Musafe kaye. Ndiwerengereni zomwe zili pagalasipo."

Zebedee anawerenga. Memore yadzaza. Swapu, pamalo paja kompyuta imaunjika zinthu memore ikaichepera, nayonso yadzaza thoo. Koma pamndandanda wa mapulogalamu, iliyonse inkaonetsa kuti ku swapu ilibe kanthu.

"Ndiye wadzazako ndani? Mfiti?"

"Ufiti ayi. Inu si mumachita lendi kuseli kwa nyumba ya eni? Mwininyumba akafunsa katundu, aliyense amawerenga za m'chipinda chake. Nanga mbaula ndi bafa zomwe mumabwerekana zija, zikaponyedwa m'shedi, amati n'zanga ndani?"

"Palibe."

"Basi. Mapulogalamu a makadi aja amagawana memore imodzi yaikulu. Ikakankhidwira ku swapu, makina akalewa saiwerengera aliyense. Onse amaoneka oyera ngati angelo."

Mwala wina unagwa padenga. Zebedee anadzidzimuka mpaka kugunda mutu pashelefu.

"Achemwali, chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ndiuzeni yoti ndizimitse. Ija ndinazimitsa dzulo, makina atayamba kuchedwa, sinathandize."

Kumbali inayo kunangomveka kondakitala akukuwa.

"Munazimitsa iti?"

"Yomwe inkaoneka yonenepa kuposa zonse. Munati mukaona yodya kwambiri..."

"Dzina lake?"

Anamuuza. Conceição anafuula m'Chipwitikizi, kenako n'kubwerera ku Chichewa. "Imeneyo ndi yoyatsa pampu, bambo inu! Imaoneka yaikulu chifukwa katundu wake yense ali poyera, sibisa kanthu. Ilibe mlandu. Pampu yagona kuyambira dzulo!"

Zebedee anatambasula dzanja kudzera pazenera lakumbuyo n'kugogoda paipi yotsika kuthanki. Inalira ngati chitini chopanda kanthu. Mantha amene anali nawo m'mawa anali masewera chabe. Ngakhale makadi atayamba kugwira, madzi oti apereke panalibe. Ndipo pampu inkayendera sola, dzuwa litayamba kale kupendeka.

Conceição anamutsogolera pang'onopang'ono. Zebedee anayatsanso pampu, n'kuzimitsa mapulogalamu a makadi onse pamodzi, kenako n'kuwadzutsa. Swapu inapepuka. Pansi panthaka china chake chinang'ung'udza.

"Thanki ifunika maola," anatero mayiyo. "Lero atunga ochepa. Auzeni kuti makina anafa okha. Ine ndikuikirani kumbuyo."

"Akaona m'thanki mulibe madzi anena kuti ndagulitsa."

"Ndiye muwauza chiyani?"

Zebedee anacheuka. Zenera lakumbuyo lija munthu woonda ngati iye akanatha kutulukirapo. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Koma mkazi wake Phyllis ankagulitsa tomato pakona pomwepo, ndipo aliyense pamzerewo ankamudziwa.

Zebedee anatsegula chitseko. Phokoso linadukiza. Kutsogolo kunali mayi Melina, amene anakulira nawo pafamu imodzi makolo awo asanathamangitsidwe, ndi bambo Antonio, wapampando wa komiti ya chitsime.

"Madzi sindinagulitse," anatero Zebedee. "Ndinazimitsa pampu ndine, molakwitsa. Ndayatsa. Atuluka ochepa, ayambe ndi a ana aang'ono."

"Nhema!" wina anakuwa kumbuyo. "Wabodza!"

Mnyamata wina wamtali anayamba kukankha anthu, mwala uli m'manja. Mayi Melina ananyamula chigubu chawo n'kudzaima pakhomo, msana wawo utatchinga Zebedee. Kenako mpopi woyamba unatsokomola, n'kulavula madzi ofiirira, ndipo onse anathamangira komweko.

Dzuwa lisanalowe anatunga mwina theka la mzerewo. Otsalawo ananyamuka ndi zigubu zopepuka, akumuyang'ana Zebedee mmodzimmodzi podutsa.

Bambo Antonio anadikira mpaka womaliza atapita. Anatambasula dzanja.

"Makiyi, mwanangu. Ndipo masiku ano musamayende nokha."