Madzi Otentha a ku Cuamba

Matenda a Deolinda anali a mwano, obwera ndi kuchoka osatsanzika. Chaka chimene nkhondo inafika ku Ngauma, diso lake lamanzere linachita chifunga, kenaka linayera lokha. Dzinja lotsatira miyendo inachita dzanzi, akaweramitsa khosi ankamva ngati mphezi yatsika mu msana. Izonso zinatha. Anthu mpaka ankati mkaziyu akungothawa khasu.

Mwamuna wake José, mlimi wa fodya wosadziwa kukangana, anapita naye kuchipatala ku Mandimba, kumeneko n'kuwatumiza ku Cuamba. Dotolo wachipwitikizi anamukanda kuphazi ndi kiyi, chala chachikulu n'kuloza kumwamba. Anamuuza kuti atsate chala chake ndi maso, maso n'kumanjenjemera. Kenaka anaitanitsa ndowa za madzi otentha. José anaziona zikulowa, chitseko n'kutsekedwa.

Madziwo anali oyesera chabe. Matenda amenewa amakula thupi likatentha, ndipo dotolo atamuika Deolinda m'bafa n'kuwaona akukula, anatsimikiza. Koma ndani akanataya nthawi kufotokozera alimi? Namwino anangoti, "Ndi matenda a mitsempha ya mu ubongo ndi msana. Amabwera n'kupita. Mankhwala palibe."

Deolinda anatuluka atanyamulidwa. Koma mwezi usanathe anayamba kuyenda, kulima, kutunga. José anati mumtima, namwino uja ndi wabodza, mankhwala ndi madzi aja. Mkazi akati m'madzimo anafooka, iye ankati mankhwala enieni amayamba choncho.

Tsono mbiri inafika yoti asilikali abwera kudzatentha mudzi n'kusonkhanitsa anthu mu mpanda wa waya. Mudzi wonse unapangana zowolokera ku Malawi, kunyamuka kukangocha, wapansi, kudzera m'mapiri. Sabata imeneyo mwendo wa Deolinda unali utayambanso kukoka pang'ono. Ankayendabe, koma José mantha anamugwira. Nanga ukakagwa pakati pa phiri, mwana wawo Esperança ali kumsana?

Mbandakucha anawiritsa madzi mumphika wofululira mowa, nathira m'chidebe.

"Bambo ake Esperança, ndikuopa," anatero Deolinda.

"Lowani, mayi. Mwa azungu munachira nawo."

Analowa, chifukwa mwamunayo anali asanamulakwirepo. José anamufunditsanso bulangeti kuti nthunzi isathawe. Chikondi chinanso, abale, n'choopsa.

Atamuvundukula, Deolinda anati, "Muli kuti? Sindikukuonani." Anamuimiritsa, miyendo n'kupindika ngati chingwe chonyowa.

Anthu anali atasenza kale. Kristina, mchemwali wa José, anaima pakhomo. "Achimwene, dzuwa likutuluka. Sitingadikire."

Kumubereka Deolinda sikukanatheka pa njira ija, José anadziwa. Mwana wake anamunyamula yekha n'kumumangirira kumsana kwa Kristina. Esperança analira mpaka mawu anazimirira kuseri kwa phiri. Deolinda sanamuone n'komwe akupita.

Anatsala awiri pakhonde, mphepo ya m'mawa ikuomba. José anakhala pansi pafupi naye. Thupi la mkazi wake linazizira pang'onopang'ono. Dzuwa litakwera, Deolinda anaphethira, nayang'ana mtengo wa mango, nagwira mzati, n'kuimirira yekha.

"Miyendo yabwerera," anatero. "Tiyeni, tiwapeza."

José sanadzuke. Iye anali atamva kale magalimoto a asilikali akukwera chitunda, ndipo njira ya ku phiri inkayambira komwe magalimotowo ankachokera.