Chidindo Chopanda Inki

Ntchito yanga ndi ya mapepala. Ndili ndi kashopu kofotokopa pakati pa telala ndi munthu wokonza mafoni, ndipo kuseri kwa kauntala kuli makina anga omatira mapepala m'pulasitiki. Achinyamata amati kulamineta. Ine pepala lofunika ndikaliona lili pamtunda, manja amandiyabwa. Satifiketi yanga ya sukulu inanyowa ndi mvula ndili mnyamata mpaka kusanduka phala m'thumba la malaya, ndiye za kasungidwe ka mapepala musandiphunzitse. Kunyumba ngakhale khadi la kusikelo la mwana ndinalimata. Mayi a kunyumba amati tsiku lina ndidzamata iwowo.

Mwanayo ndi mmodzi yekha, wamkazi, ndipo chaka chatha anamulandira ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege kunja kwa dziko. Pamsewu wathu anali atayamba kale kumutchula kuti Apayiloti. Atabwera ndi mndandanda wa zofunika pofunsira viza, ndinauwerenga katatu. Pasipoti, kalata ya kusukulu, kalata ya apolisi yoti sanapalamulepo, zidindo za zala zonse khumi, komanso chikalata cha dokotala. Osati dokotala wamba ayi, koma wovomerezeka kuyeza oyendetsa ndege.

Kufunsa ndi matenda anga. Ndinati, "Kodi kumwambako kuli malire? Munthu wouluka viza ya chiyani?"

"Ndege imatera pansi, Ababa," anatero iye. "Ndipo ineyo ndizikagona pansi, kudyanso pansi."

"Nanga zala khumi zonsezo, akuopa kuti usintha china panjira?"

Anaseka. Anandifotokozera mmene adokotala anamuonetsera timadontho tamitundumitundu kuti apezemo manambala, mmene anamuvekera zakukhutu kuti azikweza dzanja akamva kakulira, ndi mawaya amene anamumata pachifuwa. Ndinafunsa mpaka mayi ake anati ndimusiye mwana adye.

Lolemba m'mawa anandisiyira envelopu yonse kuti ndifotokope, iye n'kupita kukajambulitsa. Ndinafotokopa bwinobwino. Kenako ndinagwira chikalata cha adokotala chija. Kapepala kopyapyala, kunja mitambo yakuda, ulendo wa kutsidya la nyanja. Munthu amene ndinafunsa mafunso zana za kumwamba, funso limodzi ili sindinafunse. Ndinayatsa makina omatira aja. Chinatuluka chowala, chofunda, chokongola, ndipo ndinachibwezera pakati pa mapepala ena kuti akachione yekha asangalale.

Mawa lake ndinamuperekeza ku ofesi ya kazembe. Pawindo panali mayi wa magalasi, wosathamanga. Anatsegula mapepala limodzilimodzi, ndipo ndinaona kuti pepala lililonse ankalisisita pakona ndi chala chachikulu asanaliwerenge. Atafika pa changa chowala chija, chala chinaterereka. Anachipendeka kuwindo, n'kuchiika pambali.

"Ichi sitingalandire. Wachimata ndani?"

Mwana wanga anatembenuka. Anandiyang'ana.

"Ndine, mayi," ndinatero, mtima utayamba kutentha. "Chalakwika n'chiyani? Zilembo zonse zikuoneka. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka makumi awiri, mulibe ngakhale kathovu."

"Ntchito yake ndi yabwino, bambo. Bweretsani chala."

Anatulutsa kalata ya apolisi pansi pa galasi, n'kundilozera pakona. Ndinasisita. Panali potukuka, pozungulira, ngati kachipsera. Chidindo chopanda inki, chopanikizidwa m'pepala momwemo. Zaka zonsezi ndikufotokopa zinthu zimenezi, ndinkaziyesa makwinya.

"Inki aliyense angafotokope," anatero mayiyo. "Ichi chimaoneka ndi chala. Chanucho makina achisita, ndiye sindingadziwe ngati n'chenicheni. Mubwere ndi china pofika Lachisanu. Kupitirira apo, malo otsatira ali pakatha miyezi iwiri."

Sukulu inkatsegulira pakatha milungu itatu, ndipo kalata yawo inanena mosabisa kuti wosafika tsiku loyamba malo ake apatsa wina. Safunsa anadya phula, koma apa phula ndinadyetsa mwana.

Tinabwerera pa minibasi. Kushopu ndinamata pepala lachabe n'kuyesa kulisenda ndi lumo, kuti mwina n'kupulumutsa chijachi. Pulasitiki inachoka ndi zilembo zake zonse. Telala anasuzumira n'kufunsa ngati Apayiloti aitenga viza, ndipo ndinamuuza kuti asamale zosoka zake.

Adokotala aja amapezeka Lachinayi lokha. Tinalawirira, ndipo ine ndinalowa nawo m'chipinda kuti ndipepese ndi pakamwa panga. Anali bambo wachikulire wa mawu otsika. Anatembenuza chikalatacho, n'kuchigogoda ndi chikhadabo.

"Chasungika," anatero. "Koma ine sindidinda kawiri munthu ndisanamuyezenso. Khala apa, mwanangu."

Anamumanga lamba wopopa pamkono. Ine ndinaima pambali pa bedi, ndikufunsa kuti nambala ya pamwamba imatanthauza chiyani, nanga ya pansi. Adokotala anayang'ana makinawo, anapukusa mutu, n'kupopanso.

"Magazi akuthamanga kwambiri. Mwezi watha sanali chonchi. Akakhala apa sindingasaine."

Ndinayamba kumuuza mwanayo kuti apume mozama, aganize zabwino, akhazike mapazi pansi, asaope chifukwa ine ndilipo. Adokotala anamuyang'ana iye, kenako ine.

"Bambo, tatulukani kaye."

Ndinafuna kukana. Ndine bambo wake, ndinamunyamula kupita naye kusikelo ndekha. Koma mwanayo anali atayang'ana pansi, ndipo sanati khalani. Ndinatuluka, n'kukhala pabenchi pakhonde pafupi ndi chidebe cha zinyalala. Mphindi khumi ndi zisanu zimenezo sindinafunse munthu kanthu.

Chitseko chitatseguka, adokotala anandikodola. "Atsika," anatero. Anangonena mawu amodziwo, ndipo anandipweteka kuposa a mayi wa pawindo uja. Anasaina pepala latsopano, anatulutsa m'dirowa chitsulo chonga chopanira, analowetsa kona ya pepala n'kukanikiza ndi manja onse awiri. Ndinapempha kuti ndikhudze. Mwana wanga anatambasula pepalalo, koma sanalisiye m'manja mwake.

Lachisanu anapita yekha. Viza inatuluka patatha masiku asanu ndi anayi.

Tsiku lonyamuka, tisanakwere galimoto, anadutsira kushopu. Anatulutsa chikalata chakale chowala chija n'kuchiika pakauntala.

"Ichi n'chanu, Ababa. Chinacho ndikachinyamula chomwecho. Chikanyowa, chanyowa."

Anandikumbatira, ndipo ndinalira pamaso pa telala, sindibisa.

Chikalatacho ndinachipachika pakhoma, pamwamba pa makina. Masiku ano munthu akabwera kuti ndimumatire pepala, ndimayamba ndalisisita m'makona, ndipo ena ndimawabweza akudandaula. Chapakhomacho sichidzanyowa, sichidzang'ambika, dzina la mwana wanga lidzakhalapo ine nditapita. Makasitomala akatha ndimachitsitsa n'kuyendetsa chala pakona paja. Sipamveka kanthu.