Sola Imene a Blasius Anaitsitsa

"Kodi bambo anaitsitsiranji sola imeneyi?"

Anafunsa Willard, atagwira m'chiuno. Amayi anapitiriza kupinda mikeka yobwereka pamaliro. Thokozire, mlongo wake, ankangoyang'ana chipewa chamlaza chimene chinali chikadali pa msomali pakhonde.

Panali patapita masiku anayi chiikire bambo awo, a Blasius, m'manda. Anthu onse a kwa Kalembo ankaidziwa galimoto yawo: matayala atatu a njinga yamoto, injini yamagetsi yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Balaka, mabatire anayi pansi pa mpando, ndi sola imodzi yaikulu ngati chitseko. Anaipanga okha atapuma ntchito yokonza mawaya. Thokozire, amene panthawiyo ankaphunzira zamagetsi ku yunivesite, ndiye anajambula poika sola: pamwamba, ngati denga, kuti dzuwa liziwomba tsiku lonse ndiponso woyendetsa azikhala pamthunzi.

Inakhala pamenepo chaka chathunthu. Thokozire atabwera pa holide chitadutsa chimphepo cha Freddy, anapeza denga lija kulibe. Sola inali itatsitsidwa kumbuyo kwa mpando, pamwamba pa malo a katundu, yolekeza m'chifuwa mwa munthu.

Anakangana nawo tsiku limenelo.

"Bambo, chithunzithunzi chanu chomwe chizigwera pa sola. Kangodya kamodzi kakaphimbika, moto wonse umatsika. Ndiye fumbi la matayala?"

"Pamwamba mphepo imandikankha," anatero a Blasius. "Pa mabampu imafuna kugudubuka."

"Chaka chonse sinagudubuke."

"Dzuwa ndi lambiri, mwanangu. Litikwanira."

Atatero anavala chipewa chamlaza, poti tsopano ankayenda padzuwa, n'kumapita. Thokozire anakwiya mpaka tsiku lobwerera kusukulu. Munthu waphunzira zaka zinayi, nzeru zake n'kugonja kwa chipewa.

Tsopano Willard ankanena mawu omwe aja, ndipo ankanena zoona. Mvula inali itakana kachiwiri. M'nyumba munatsala chimanga cha ndowa imodzi, poti china chinali chitapita ndi anthu a pamaliro.

"Pansi pa sola pamangolowa matumba awiri," anatero Willard. "Ikakwera, asanu. Batire ikumatha isanakwane thuu koloko. Tikaikweza ndizipita ku Ulongwe kawiri patsiku, tizidya. A Japhet ndawauza kale, abwera mawa madzulo ndi makina owotcherera. Iwe ungowalozera poboola, si ndiwe injiniya?"

"Ndiwalozera," anatero Thokozire. Anadabwa kuti kupambana mkangano kunalibe kukoma kulikonse.

M'mawa mwake anatukula mpando kuti aone mawaya. Pambali pa mabatire panali pepala lapulasitiki, m'kati mwake muli buku la kuchipatala. Dzina linali Habiba Zuberi. Patsamba lomaliza namwino analembapo tsiku lobweranso, ndipo linali tsiku lomwelo, Lachinayi. Pachikuto panali zolemba za bambo ake: *Rose, asaiwale kumwa m'mawa.*

Dzinalo ankalidziwa. Rose anali mlongo wa a Blasius, amene anakwatiwa ndi msodzi wachisilamu kufupi ndi Shire n'kusintha dzina. Agogo, omwe anali akatekisiti, analetsa kumutchula pakhomo, ndipo lamulolo linakhalabe iwo atamwalira kalekale. Pamaliro sanaoneke.

"Ndikukayesa mabatire," anauza Willard.

Anayenda chakum'mawa, dzuwa lili kumaso, chithunzithunzi chake chitagona pa sola monga ananenera. M'minda munali mizere yokhayokha. Amayi awiri osenza nkhuni anaima ataona galimotoyo, anayamba kukweza manja, kenaka n'kuwatsitsa ataona kuti woyendetsa ndi wina. Iwo ndi amene anamulozera njira ya kwa a Habiba.

Kanjirako kanali kopapatiza, chigwembe kumanzere, mpanda wa minga kumanja. Chakumapeto, mtengo waukulu wa mango unali utagwa mopingasa. Mizu ina inali ikadali m'nthaka, ndipo mtengowo unali wamoyo, utabereka mango aang'onoang'ono obiriwira. Pansi pa thunthu panali mpata.

Thokozire anaima. Anayang'ana mpatawo, n'kuyang'ana sola. Anaweramitsa mutu mpaka pa chiwongolero, n'kulowa pang'onopang'ono. Sola inadutsa, kutsala zala ziwiri. Pa khungwa panali mizere yakale yoperepeseka, pomwe chitsulo chinkakhudza.

A Habiba anali pakhonde, atavala kale mpango woyera, miyendo yotupa ataitambasula pamkeka. Pambali pawo panali mbale ya mango aawisi ophika.

"Ndinamva kulira kwa matayala," anatero. "Ndinati kapena wogulitsa usipa uja anandinamiza za maliro a achimwene."

"Sananame, azakhali. Ndine Thokozire."

"Ndakudziwa. Mphumi ndi yomweyo. Ndiwe wa sukulu uja, wokalipira bambo ako."

Thokozire anakhala pansi. Analira pang'ono onse awiri, mosapokosera.

"Mwakonzeka ngati mumadziwa kuti kubwera munthu."

"Iyayi. Ndimangovala. Lachinayi loyamba la mwezi thupi limadzuka lokha." Anamukankhira mbale ija. "Idya. Alibe mchere, koma sapha."

Anatenga limodzi. Linali lowawasa mpaka m'makutu.

"Mtengo uja bwanji osaudula?"

"Achimwene anabwera nayo nkhwangwa. Galimoto inakanika kulowa ndi denga lake lija, ine kufika kumsewu sindingathe, kundibereka iwo msana unali utatha. Ndinawauza kuti mukadula umenewo mundikumbiretu manda. Amuna anga anapita, ana ali ku Joni, chimanga kulibe. Miyezi itatu ya njala ndimadya mtengo umenewu." Anaseka pang'ono. "Anaima pamenepo nthawi yaitali, akuyeza ndi ndodo. Mwezi wotsatira ndinangoona atulukira pansi pake, mutu ataweramitsa ngati mkamwini."

Panali kabenchi kamene Thokozire ankakaona m'galimotomo osadziwa ntchito yake. Anakaika pansi pa sola, n'kuwathandiza azakhali ake kukwera. Anakwana bwinobwino, mutu wawo uli pamthunzi.

Pamzere wa kuchipatala anakhala mpaka masana. Atawabweza kwawo n'kuyamba ulendo wobwerera, batire inatha patatsala mtunda. Anaimika galimoto poyera, iye n'kukhala pambali kuti asaitchinge, kudikira dzuwa ligwire ntchito yake. Anawerengera m'mutu matumba atatu otayika pa ulendo uliwonse, ndi ndowa imodzi ija. Masamu ake sanalakwe paliponse.

Anafika dzuwa litapendeka. A Japhet anali atadula kale mapaipi anayi, atawayala pabwalo. Willard anathamangira kumsewu.

"Unali kuti tsiku lonse? Anthu akudikira. Taona nkhope yapserera."

Amayi anatuluka m'nyumba. Maso awo anagwera pa kabenchi kaja, kenaka pa masamba awiri a mango amene anakodwa pangodya ya sola.

Thokozire anatsika, n'kupukuta fumbi la pa sola ndi m'mphepete mwa chitenje.

"Pepani a Japhet, tavutitsa. Sola ikhala pomwe ilipa."

"Chiyani?" anatero Willard. "Si iwe unkanena kuti bambo analakwitsa?"

"Masiku ena onse uziyendetsa ndiwe. Lachinayi loyamba la mwezi ndi langa."

Amayi anapita pakhonde, anachotsa chipewa chamlaza pa msomali, anachikuntha kawiri pabondo, n'kupatsa Thokozire.