Nyimbo Yachiwiri Imene Jagoda Anakana

"Basi, basi, lekera pomwepo! Udzivulaza wekha," anakuwa Nebojša, mnzake wa m'bandi, nazimitsa nyimbo pa kompyuta.

Jagoda anachoka pa maiki akutsokomola. Kanali kachitatu kuyesa malo omwewo, pamene magitala amayamba kuthamanga, kwaya n'kulowa, iye n'kukweza mawu mpaka pamwamba penipeni n'kuwagwira pomwepo. Nthawi zonse mawu ankafika pakati n'kuthyoka. Chimfine chinali chitamusiya, koma chinamusiyira mmero wokanda.

Anali m'chipinda cha pansi pa nyumba ya azakhali a Nebojša m'tauni ya Kruševac. M'menemo, pakati pa mabotolo a tsabola wokazinga ndi njinga yakufa, bandi yawo inakhala zaka ikujambula chimbale chake choyamba cha nyimbo zaphokoso zotchedwa metal. Zonse zinali zitalowa: ng'oma, magitala, mavayolini a ana a sukulu ya zoimbaimba, ngakhale kwaya imene anaipempha mochita kugwada. Panatsala mawu a Jagoda okha pa nyimbo yomaliza, yaitali moti munthu akhoza kutereka khofi, kumwa, n'kutsuka kapu isanathe.

"Tiyesenso kamodzi," anatero Jagoda.

"Kamodzi kako ndimakadziwa ine. Tamvera, mlongo. Lolemba m'mawa akubwera amene wagula zipangizozi, masana ine pabasi wa ku Jeremani. Kumeneko ndizikagona m'thiraki, palibe zojambula. Tatsala ndi Lamulungu basi. Kuyambira pano pakamwa tseka, ngakhale foni usayankhe."

Jagoda anayang'ana pansi. "Loweruka kuli ukwati wa Strahinja."

"Mwana wa a kum ako uja?" Nebojša anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Tatha ife. Akakuimbitsa mpaka matebulo kugwa."

"Ndikaimba imodzi yokha."

"Imodzi? Kwa a Radoje? Iwe unabadwira kuno kapena unachita kugwa ndi ndege?"

Nebojša sankanama. Kwathu kuno, kum, kutanthauza munthu amene anakunyamula pa ubatizo, sakanidwa kanthu. Ndiye amakupatsa dzina, ndiyenso adzaima kumbuyo kwako m'tchalitchi tsiku la ukwati wako. Ubale umenewu umachita kutsika m'magazi: bambo awo a Radoje ananyamula bambo ake a Jagoda pa ubatizo, a Radoje nawonso ananyamula Jagoda. Bambo ake a Jagoda atamwalira, a Radoje omwewo ndi amene ankabweretsa nkhuni ndi thirakitala chisanu chilichonse osadikira kupemphedwa. Jagoda ankawakonda, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi inkamupweteka.

Lachisanu madzulo mayi ake, a Dušanka, ankasita diresi yake ya ku ukwati. Jagoda anawauza maganizo ake monong'ona, ndipo simbi inaima.

"Wati imodzi?"

"Imodzi, amayi."

"Mudzi wonse wauzidwa kale kuti mwana wawo wa ubatizo ndiye aimbe. Anthu achokera ku Austria, ena ku Sweden. Ndiye iwe ukawachititse manyazi chifukwa cha phokoso lanu la zitsulo lija? Nyimbo zake munthu sangavine, sangalire, agalu okha ndiwo amayankha."

"Simunazimvepo bwinobwino."

"Ndinazimva! Mapaipi a m'bafa ankanjenjemera." Anatembenuza diresi mwaukali. "Malaya akuda chaka chonse ngati tili pamaliro. Mawa uvale iyi, umwetulire, uimbe. Mmero ndi wako, koma nkhope imene ikagwe kumeneko ndi yanga."

Jagoda sanayankhe, chifukwa kuyankha kunali kuwononga mawu. Anamwa tiyi wake wa uchi, mayi ake akumuyang'ana ngati wawatukwana.

Loweruka anafika kumudzi mamawa dala kuti awapeze a Radoje okha. Anawapeza kuseri kwa tenti yaikulu akukalipira anthu ootcha nkhumba, botolo la kachasu wa rakiya lili m'manja.

"Eee, mbalame yanga yafika! Bwera kuno ndikupsompsone." Anamupsompsona katatu m'masaya. "Bwanji ukunong'ona ngati wakuba nkhuku?"

"A Kum, mmero wanga suli bwino, ndipo mawa tikumaliza chimbale chathu. Tsiku la mawa likapita, chapita. Ndapota nanu, lero ndiimbe nyimbo imodzi yokha."

"Mmero? Mankhwala ake ndi awa." Anamuthirira rakiya m'kagalasi. "Imwa, uona. Agogo ako ankaimba maukwati a masiku atatu ndi mankhwala omwewa."

"Ndikunenetsa, a Kum. Imodzi."

"Inde, inde, imodzi, mwana wanga," anatero akuseka, maso ali kale pa nkhumba. Anamva, koma sanazitenge ngati nkhani. Jagoda anathira rakiyayo mu udzu.

Atabwera kuchokera kutchalitchi, anthu anadzaza tenti mpaka m'mbali. Munali utsi wa fodya wokhawokha, malipenga akulira, akodiyoni ikuthamanga, mbale za kabichi wokulunga nyama zikuyenda pamwamba pa mitu. Msuzi utatha, a Radoje analanda maiki kwa woimba wa ganyu.

"Khalani chete, inu a ku Austria, muli kwanu kuno! Mumve mwana amene ndinamupatsa dzina ndi pakamwa panga pano."

Jagoda anasankha nyimbo yakale ya mkwatibwi wotsanzika mayi ake, yoyenda pang'onopang'ono, yosafuna kukuwa. Anaiimba ndi mtima wake wonse, poti inali mphatso yokhayo imene akanapereka. Mafoloko anaima. Mayi a mkwatibwi analira poyera, amalume ena anaphwanya galasi pansi n'kukweza manja m'mwamba. Itatha, a Radoje ankapukuta misozi ndi tayi.

Jagoda anabweza maiki kwa woimba uja n'kuyamba kubwerera pampando. Kukhosi kunali kutayamba kale kutentha.

"Ina! Ina!" tenti yonse inakuwa, anthu akumenya matebulo.

"Ukupita kuti?" A Radoje anamugwira mkono, nkhope ikuwala. "Tsopano yanga ija, ya mahatchi. Oimba, yambani!"

Akodiyoni inayamba. Nyimbo ya mahatchi ndi yokuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ikatha anthu amafuna ina yoposa pamenepo. Jagoda ankadziwa mmene zimathera: dzuwa likamalowa amakhala alibe mawu, n'kukhala choncho sabata yathunthu. Anaona mayi ake patebulo la kutsogolo akumugwedezera mutu kuti avomere. Maiki anali atamuikira kale pakamwa, moti zimene ananena zinamveka mpaka kwa ootcha nkhumba.

"Ayi, a Kum. Ndinanena kuti imodzi."

Akodiyoni inapitirira pang'ono yokha, kenako inafa.

"Wati chiyani?" A Radoje ankamwetulirabe, koma kumwetulira kwake kunali kutauma.

"Pepani. Sindiimbanso lero."

"Akusungira mawu asatana a ku Kruševac!" wina anakuwa kumbuyo, ena n'kuseka. Mlamu wa a Radoje, amene sankagwirizana nawo kuyambira kale pa nkhani ya malire a munda, ananena mokweza dala kuti, "Kodi si uja mumati mukangotsokomola amathamanga?"

Mawu amenewo ndi amene analasa. A Radoje anasiya mkono wa Jagoda, napereka maiki kwa woimba wa ganyu osayang'ana kumbali. "Imba iwe. Iwe ndiye ndakulipira."

Palibe anamuthamangitsa Jagoda, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Anakhala pampando wake mpaka keke itadulidwa, anthu a patebulo lake akulankhulana modutsa pamutu pake. Mayi ake sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Manyazi anamugwira, koma nyimbo ina sanaimbe. M'basi pobwerera a Dušanka anakakhala mpando wina.

Lamulungu m'mawa Nebojša anamutsegulira chitseko akumuyang'ana ngati dokotala.

"Zingati?"

Jagoda anaimika chala chimodzi.

"Ukunama." Anamuyang'anitsitsa. "Sukunama. Mayo ine! Ndiye uli moyo? Nyumba yanu sanaiotche?"

"Yatsa makinawo, usanditayitse mawu."

M'chipindamo munali kale makatoni, theka la zingwe litakulungidwa. Jagoda anavala zomvera m'makutu natseka maso. Mavayolini anayamba, ng'oma zinalowa ngati sitima, ndipo iye anaimba ndime zoyamba mosavuta. Atafika pamalo paja, mawu anakwera, nagwedera, n'kuthyoka.

"Palibe kanthu," anatero Nebojša msanga. "Ndikhoza kudula apa, n'kumata kachidutswa ka tsiku lina, kompyuta n'kuwongola. Palibe angadziwe."

"Ine ndidziwa. Ndakana a kum anga pamaso pa mudzi wonse kuti kompyuta indiimbire? Bwezera."

Anamwa madzi ofunda, nayenda uku ndi uku pakati pa makatoni. Anali ndi mantha, komanso anali atapsa mtima: ndi mlamu uja, ndi Jeremani imene inkamudyera anzake mmodzimmodzi, ndi iye mwini. Nyimbo itafikanso pamalopo sanaganize za mmero. Anaponda pansi mwamphamvu, natulutsa mawu kuchokera m'mimba. Anakwera, nafika, ndipo anawagwira pamwamba pa kwaya yonse mpaka gitala lomaliza litazilala.

Nebojša anaimitsa makina. Kenako anasunga nyimboyo m'malo atatu osiyana, n'kuyamba kufufuza chinachake m'katoni chimene sichinali m'menemo.

"Fumbi la m'chipinda muno," anatero akupukuta m'maso. "Chatha, mlongo. Chimbale chatha. Tiye tikamwe."

Jagoda anayesa kuyankha, koma panangotuluka kamphepo. Mawu onse anali atatsala mu kompyuta. Anapukusa mutu, natenga jekete lake, nanong'ona kuti ali ndi ulendo.

Basi ya masana inamutsitsa pamsewu wa kumudzi. Kwa a Radoje tenti inali itagwetsedwa theka, achibale akutola magalasi osweka mu udzu. Atamuona, macheza anazima. Jagoda anapereka moni ndi mutu, nanyamula benchi n'kupita nayo ku ngolo ya thirakitala. Anabwerera, nanyamula ina. Palibe anamuletsa, palibenso anamuthandiza.

A Radoje anali pamwamba pa ngoloyo akulandira mabenchi. Yoyamba anailandira osamuyang'ana, yachiwirinso chimodzimodzi. Pa yachitatu anaima.

"Ndiye mwaimba zanuzo?"

Jagoda anagwedeza mutu.

"Zatheka?"

"Zatheka, a Kum," ananong'ona.

"Tamverani mawu ake. Kwa anzake wapereka onse, kwa ine wabweretsa makoko." Anakhala pa benchi, nkhope itatopa, yooneka yokalamba kuposa dzulo. "Ukudziwa chimene wandichita? Mlamu wanga adzandiseka nacho mpaka m'manda. Ine ndinakunyamula m'manja awa uli kakhanda, ukulira, wansembe akukuthira madzi."

"Ndinakuuzani dzulo m'mawa."

"Unandiuza, inde. Ndimayesa ukucheza." Anayang'ana kumunda kwa kanthawi. "Tsiku limene udzapeze mwamuna, udzafune wina wokaima kumbuyo kwako m'tchalitchi. Ine ayi. Ndakumasula."

Akazi amene ankatola magalasi anaima chilili. Mawu otere sanenedwa mwamasewera, ndipo ubale wa mibadwo itatu umathera pomwepo. Misozi inalengeza m'maso mwa Jagoda. Sananene kuti analakwa, chifukwa akanabwerera dzulo akanakananso. Anayandikira ngolo kuti amumve bwino.

"Sindidzafuna wina. Ndidzabwera kudzapempha inu."

"Ndidzakana."

"Ndidzabweranso."

"Ndidzakananso, pamaso pa anthu, ngati mmene wachitira iwe."

"Chabwino. Mudzatero."

A Radoje anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamwetulire, ndipo sanabweze mawu awo. Anadzuka, napukuta manja pa buluku.

"Umauma mutu ngati bambo ako," anatero. "Ukuimiranji pamenepo? Mabenchi akadalipo ambiri."

Jagoda anabwerera ku tenti kukanyamula ina.